Kodi alamu ya pabedi ingateteze agogo kuti asagwe usiku?

Wofunsa: mayi wosamalira okalamba, Ulongwe, Angonia

Moni nonse. Ndimagwira ntchito pa nyumba ina yaing'ono yosungira okalamba kuno ku Angonia, komwe tili ndi agogo 14, koma usiku wowayang'anira amakhala mmodzi yekha. M'mwezi wa Julayi, chisanu chitafika pachimake, agogo ena aakazi omwe ali ndi vuto loiwalaiwala anadzuka cha m'ma 3 koloko m'bandakucha kuti akataye madzi, ndipo phazi lawo linakodwa mu neti yomwe tinaipisira pansi pa matiresi. Mnzathu amene anali pantchito anali m'chipinda china akusintha zofunda, ndipo anadzawapeza ali pasimenti yozizira, akunjenjemera, dzanja lili m'chiuno. Kuchipatala anatiuza kuti fupa la m'chiuno lathyoka, ndipo mpaka lero agogowo sanapondenso pansi.

Mwana wa mmodzi mwa agogo athu, yemwe amagwira ntchito ku Johannesburg, wadzipereka kutigulira timphasa toyala pansi pa nsalu ya pabedi, timene timaliza alamu munthu akangochokapo. Ndikupempha amene munazigwiritsapo ntchito zipangizozi kuti mutiuze ngati zimachepetsadi kugwa, ndiponso ngati n'koyenera kuziika pa mabedi onse 14, chifukwa sitikufuna kuwononga ndalama za mwana wa eni pa chinthu chongotipatsa mtima m'malo.

Yankho: namwino wopuma pantchito, mzinda wa Tete

Pepani kwambiri, mayi, ndipo mumulimbikitse mnzanuyo, chifukwa munthu mmodzi sangakhale m'zipinda ziwiri nthawi imodzi. Vutoli ndi lalikulu kuposa mmene anthu amaganizira. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo amene amafa kwambiri ndi opitirira zaka 60.

Alamu sigwira munthu. Ntchito yake ndi kungonena kuti kulemera kwa thupi kwachoka pabedi, ndipo kuchokera pamene yalira kufika pamene agogo aima ndi kuyamba kudzandira pamapita masekondi ochepa chabe. Kafukufuku wina yemwe anasindikizidwa mu 2012, wochitikira pa chipatala china ku Memphis m'dziko la United States pa odwala oposa 27,000, anapeza kuti m'mawodi momwe anachulukitsa kugwiritsa ntchito maalamu, kugwa sikunachepe poyerekeza ndi mawodi enawo. Chimene ndinachiona ndekha pa ntchito n'chakuti alamu ikamalira kawirikawiri, ngakhale pamene munthu wangotembenuka kapena wasunthira m'mphepete, khutu la wogwira ntchito limazolowera, ndipo tsiku lomwe yalira zoona iye amayenda mwachidodo. Mukaika pa mabedi 14 pamene wothamanga ndi mmodzi, mwina atatu adzalira nthawi imodzi.

Choncho yambani ndi kufufuza chimene chikuwadzutsa agogo aliyense. Ambiri amadzutsidwa ndi mkodzo. Onani m'makadi awo ngati alipo amene akumwa mankhwala okodzetsa monga furosemide kapena hydrochlorothiazide madzulo, ndipo mukafunse kuchipatala ngati angawasinthire kuti azimwa m'mawa, koma musasinthe nokha. Mankhwala ogonetsa monga diazepam nawonso amafooketsa miyendo ndi kusokoneza mutu. Kenako muwayeze BP atagona, ndipo muwayezenso ataima kwa mphindi imodzi mpaka zitatu; nambala yapamwamba ikatsika ndi 20 kapena kuposa, kapena yapansi ikatsika ndi 10, ameneyo ndiye amachita chizungulire akadzuka mofulumira. Kuno ku Tete timaziona kwambiri mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kukapitirira madigiri 40, chifukwa okalamba samva ludzu msanga ndipo thupi limauma. Wotere muziwaphunzitsa kukhala kaye m'mphepete mwa bedi, mapazi ali pansi, asanaime.

Chimodzi ndikuchonderereni: musawatchingire ndi zitsulo za m'mbali mwa bedi poganiza kuti mwathetsa vuto. Munthu woiwalaiwala amakwera pamwamba pa chitsulocho n'kugwa kuchokera patali, ndipo ena amapanikizika pakati pa chitsulo ndi matiresi. Kuli bwino kutsitsa bedi kuti akakhala mapazi azifika pansi, ndi kuika mpando wa chimbudzi pafupi pomwepo. Alamu ndingaivomereze pa agogo atatu kapena anayi okha, amene anagwapo kale kapena amene saitana akafuna thandizo, ndipo amenewo agone pafupi ndi pamene wa usiku amakhala.

Yankho: bambo wokonza zamagetsi ndi masola, Moatize

Ine za mankhwala sindilowererapo, koma pa chipangizocho ndili ndi mawu. Muwauze akugulawo kuti asankhe mtundu woyendera mabatire, chifukwa magetsi akathima kapena mayunitsi a magetsi olipiriratu a Credelec akatha usiku, alamu yodalira soketi imangokhala chete inu mukuganiza kuti ikulondera. Asankhenso yomwe ili ndi kabokosi kolandira uthenga kamene wa usiku angayende nako m'thumba, ndipo kakafika mukayese muli m'chipinda chakutali kwambiri, zitseko zitatsekedwa, popeza makoma a njerwa amachepetsa mtunda womwe walembedwa pa katoni. Kamphasako kamatha msanga kakamapindidwa kapena kunyowa kawirikawiri, choncho madzulo aliwonse munthu azikhala pabedipo n'kudzuka kuti amve ngati kakulira. Pa ndalama yomweyo mugule nyali zing'onozing'ono za sola zimene zimayaka zokha munthu akasuntha, muziike chapansi, kuti njira ya kuchimbudzi ndi m'mphepete mwa neti zizioneka.

Yankho: mayi wa ku Zobue

Ndikugwirizana ndi anamwino, koma ndiwonjezere mbali ya mwini bedi. Bambo anga atadwala sitiroko tinawagulira alamu ya chingwe chopanira pa malaya, yomwe inkalira pamutu pawo pomwepo. Usiku woyamba inalira mokweza moti anadzidzimuka n'kugwira khoma, akufunsa ngati m'nyumba mwalowa akuba. Patapita masiku tinaona kuti asiya kutembenuka, amagona chagada manja ali pachifuwa mpaka kucha, ndipo kawiri konse anadzikodzera, munthu amene moyo wake wonse anali waukhondo. Nditawafunsa anayankha motsitsa mawu kuti, "Mwanawe, ndimaopa kukudzutsani." Mawu amenewo anandipweteka mtima kwambiri, ndipo kungogona osasuntha kunayamba kuwafiiritsa khungu kumsana. Ngati mugula, phokoso lizikamveka kwa wosamalira osati pakhutu pa agogo, ndipo muyambe mwakhala nawo pansi, pamodzi ndi abale awo, kuwafotokozera kuti chipangizocho n'choitanira thandizo, sichowaletsa kudzuka.

Wofunsa: mayi wosamalira okalamba, Ulongwe, Angonia

Zikomo kwambiri nonse atatu. Dzulo tinatenga buku lomwe timalembamo zochitika za usiku, ndipo tapeza kuti pafupifupi kugwa konse kwa chaka chino kunachitikira agogo anayi, nthawi zambiri pakati pa 2 ndi 4 koloko. Anayiwo tawasamutsira m'chipinda choyandikana ndi pamene wa usiku amakhala, tayamba kuwaperekeza kuchimbudzi asanagone komanso cha m'ma 1 koloko, ndipo neti tikuisiya yosapisira mbali imene amatsikira, ikungolendewera mpaka pansi pa matiresi. Makadi a mankhwala tipita nawo kuchipatala Lachinayi. Tamulembera wa ku Johannesburg uja kuti agule timphasa tinayi ndi nyali zisanu ndi imodzi. Bambo a ku Moatize, chonde tiuzeni ngati kabokosi kamodzi kangalandire uthenga wa timphasa tonse tinayi n'kusonyeza bedi lomwe lalira, kuti tidziwe choitanitsa asanalipire.