Mwana wa Fomu 3 masamu akumuvuta, ndimulipirire pati taimu?

Azakhali a ku Chiputula

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa makolo anzanga ndi aphunzitsi amene muli muno. Ndimasunga mwana wa achimwene anga, mtsikana, ali Fomu 3 pa CDSS ina mu Mzuzu muno. Anabwera kuchokera kwathu ku Ntcheu atangolemba Sitandade 8. Ndi mwana wakhama, sindikunena chifukwa choti ndi wanga. Chingerezi, Biology ndi Agriculture amakhoza bwino, ndipo JCE anadutsa. Koma masamu teremu yoyamba anapeza 34, yachiwiri 27. Madzulo aliwonse ndimamuona atatsegula kope la masamu, akuliwerenga mpaka tulo timugwire, koma mayeso akabwera palibe chosintha. Pano wayamba kunena kuti mutu wake si wa masamu. Mawu amenewa ndi amene akundiwawa kwambiri, chifukwa kuyambira ali wamng'ono amati adzakhala namwino, ndipo ndamva kuti popanda kirediti ya masamu ku unamwino samutenga munthu.

Pali mnyamata wina wa ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni), amakhala ku Luwinga, amaphunzitsa pati taimu. Akuti K40,000 pamwezi ngati azibwera kunyumba kawiri pa sabata, kapena K15,000 ngati mwana azipita kwa iye kukakhala pagulu ndi anzake. Ine ntchito yanga ndi yosoka, ndalama imaoneka bwino nthawi ya mayunifomu basi. K40,000 ndingaikwanitse, koma pofinya zinthu zina pakhomo. Kodi pati taimu imathandizadi? Nanga wophunzitsa wabwino ndingamudziwe bwanji, poti ine masamu a Fomu 3 sindiwadziwa? Ndipo kodi sitinachedwe kale?

Mphunzitsi wa masamu, Katoto

Amayi, simunachedwe. MSCE alemba chapakati pa chaka chamawa, nthawi ilipo yokwanira. Koma ndalamayo muigwire kaye.

Mwanena kuti amatsegula kope n'kumaliwerenga. Vuto loyamba lili pomwepo. Mwana akamayang'ana chitsanzo chimene aphunzitsi anasova pa bolodi, mzere uliwonse umaoneka womveka, ndiye amagona akukhulupirira kuti wadziwa. Muuzeni atseke kope, atenge pepala loyera asove yekha funso lomwelo, muona kuti aima pa mzere wachiwiri. Inu mumasoka, mukudziwa kuti munthu sangathe kuika kolala pongokuonererani, mpaka atagwira nsalu yekha, kukhotetsa, kusula n'kuyambiranso. Nthawi imene amathera powerengayo aziithera posova, cholembera chili m'manja, ngakhale atamasova mafunso ochepa okha patsiku.

Chachiwiri ndi chimene ndimakumana nacho chaka ndi chaka. Mwana wopeza 27 ku Fomu 3, kawirikawiri vuto lake silili mu Fomu 3. Lili mu Fomu 1 ndi Fomu 2. JCE munthu atha kudutsa ali ndi mabowo, koma Fomu 3 imabwera ndi quadratic equations, algebraic fractions, logarithms, change of subject, ndipo zonsezi zimatsamira pa zinthu zitatu: manambala a negative, mafulakishoni, ndi kusamutsa zinthu mu equation. Tengani x² − 5x − 6 = 0. Mwana ayenera kupeza manambala awiri oti akachulukitsana apereke −6, akaphatikizana apereke −5. Manambalawo ndi −6 ndi 1, ndiye x ndi 6 kapena −1. Mwana amene zizindikiro zimamusokoneza amathamangira −2 ndi −3, chifukwa kuphatikiza kukupereka −5, osaona kuti kuchulukitsa kukupereka 6 wopanda negative. Njira ya quadratic akuidziwa ndithu, chamugwetsa ndi phunziro la Fomu 1. Mukamulipirira munthu woti azimubwerezera za Fomu 3 zokhazokha, azilakwabe pamalo omwewo.

Ndiye usiku uno mupatseni mafunso anayi awa, popanda kope, popanda calculator. Mayankho ndikukupatsani kuti muchonge nokha.

−3 − (−5), yankho ndi 2.
1/2 + 1/3, yankho ndi 5/6. Akalemba 2/5 ndiye kuti wangophatikiza zapamwamba pazokha, zapansi pazokha.
Atambasule (x + 3)², yankho ndi x² + 6x + 9. Ambiri amalemba x² + 9.
2x − 7 = 5x + 8, yankho ndi x = −5.

Akakhoza onse, vuto ndi kawerengedwe chabe, mwina pati taimu sikufunika n'komwe. Akalakwa awiri kapena atatu, ndiye wophunzitsa akufunikadi, koma woti avomere kubwerera naye m'mbuyo.

Kudziwa wophunzitsa wabwino sikulira kuti inu mudziwe masamu. Tsiku loyamba khalani pafupi muone. Ngati wafika n'kuyamba kuphunzitsa asanamuyese mwana kuti aone pamene pali bowo, ameneyo akungogulitsa maola. Kenako muzingoona kuti cholembera chili m'dzanja la ndani. Ngati ola lonse akulankhula ndi kulemba ndi iyeyo, mwana akungogwedeza mutu, ndiye kuti mukulipirira zomwe zija za kuwerenga kope. Wabwino amafotokoza pang'ono, n'kukhala chete mwana akulimbana ndi funso, ngakhale zikuoneka ngati nthawi ikutayika. Ndipo homuweki ya kusukulu asamamusovere. Malikisi a m'kope amakwera, inu n'kumasangalala, koma m'chipinda cha mayeso a MANEB alowa yekha.

Za maloto a unamwinowo, dziwani mmene magiredi a MSCE amayendera: 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pass, 9 ndiye kulephera. Mayunivesite a boma amafuna makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo maphunziro a zaumoyo amayang'ananso masamu ndi masayansi. Mwana wochokera pa 27 musamuikire 1 patsogolo, angafooke. Ayambe walunjika pa kirediti. Ndaonapo ana oyambira pansi chonchi akuipeza, makamaka akhama ngati mmene mukumufotokozera wanuyo.

Mayi a ku Zolozolo

Aphunzitsi anena zamasamu, ine ndinene za mwana wamkazi. Wophunzitsa aliyense, kaya ndi wa kumpingo kwanu, azibwera nthawi imene inu kapena munthu wamkulu ali pakhomo, ndipo aziphunzirira pabalaza kapena pakhonde. Nambala ya foni azikhala ndi yanu, osati ya mwana. Ngati musankhe za pagulu ku Luwinga, werengeraninso ya sacramento (kabaza wa njinga) popita ndi pobwera, mupeza kuti K15,000 ija yakwera. Komanso mu June ndi July kuno kumada msanga, kuzizira ndi kamvula kaja, mtsikana asamayende yekha madzulo.

Ndipo muzilipira mwezi ndi mwezi. Ine ndinamulipiriratu wina teremu yathunthu, sukulu yawo itatsekera anapita kwawo, mwana wanga anangotsala m'malere mayeso ali pafupi. Mumufunse msanga kuti akatsekera amakhala kuti.

Wophunzira wa ku Mzuni

Zikomo amayi. Ine si amene mukumunenayo, koma nanenso ndimaphunzitsa pati taimu kuti ndipeze ya lendi ndi chakudya, ndiye ndinene monga wa mbali imeneyo. Zimene anena mayi a ku Zolozolo za kutsekera n'zoona, zimachitika, ndipo kufunsa sikulakwa.

Ndikusiyana pang'ono ndi maganizo amene ena amakhala nawo, oti kuphunzira payekha kumaposa pagulu nthawi zonse. Zimatengera kukula kwa gulu. Ana anayi kapena asanu a kalasi imodzi, ine ndimaona kuti amapindula kuposa mwana mmodzi, chifukwa ndimatha kuuza wina kuti afotokozere mnzake mmene wapezera yankho. Mwana akamafotokoza ndi pakamwa pake ndi pamene amazindikira ngati wamvetsadi kapena anangoloweza. Komanso mtsikana amene wayamba kunena kuti mutu wake si wa masamu amalimba mtima akaona kuti anzake akulakwanso zomwezo. Koma gulu likafika 20 kapena 30, Fomu 3 ndi Fomu 4 pamodzi, imeneyo ndi kalasi ina chabe, mwana wanu akakhala kumbuyo chimodzimodzi ngati kusukulu. Funsani kuti alipo angati, ndipo mukaone ndi maso anu.

Zina zimene angayambe ngakhale wophunzitsa asanapezeke. Akhale ndi kope limodzi la zolakwa zokhazokha. Funso lililonse limene walakwa azililemba mmenemo, n'kulemba ndi mawu ake chimene chamulakwitsa, monga kuiwala kusintha chizindikiro posamutsa nambala. Pakatha masiku angapo alisovenso osayang'ana. Posakhalitsa aona kuti zolakwa zake si zambirimbiri ayi, ndi zochepa zomwe zimangobwerabwera. Posova asamakhale pa topic imodzi sabata yonse. Akasova ma quadratic, aponyepo limodzi la mafulakishoni, lina la ngodya za mu circle, chifukwa pa mayeso funso silibwera ndi mutu wokuuza njira yoti ugwiritse.

Mapepala akale a MANEB ndi ofunika, koma kwa mwana wa Fomu 3 musamupatse pepala lonse kuti alembe ndi wotchi. Muli matrices, vectors, linear programming, zimene sanaphunzire, angangotaya mtima. Pakadali pano azisankhamo mafunso a topic imene amaliza m'kalasi. Kulemba pepala lathunthu ndi nthawi yake adzayamba ku Fomu 4.

Calculator ikhale yakeyake, yomwe adzalowe nayo m'mayeso, osati yobwereka tsiku lomaliza. Ana amataya malikisi pa zinthu zazing'ono. Ukalemba −5² popanda mabulaketi imakupatsa −25, pamene mu quadratic formula ukufuna 25. Ikakhala pa RAD m'malo mwa DEG, sin 30 imakupatsa −0.988 m'malo mwa 0.5, ndiye funso lonse la trigonometry lapita. Azizolowera kuyesa sin 30 asanayambe. Ndipo azilemba njira yonse, mzere ndi mzere. Ochonga amapereka malikisi pa njira, ndiye ngakhale yankho lomaliza litalakwika amatolako kenakake, pamene wongolemba yankho lolakwika lokha amachoka chimanjamanja.

Masamu azisova masana akangoweruka kapena m'mamawa, mutu usanatope. Usiku, magetsi akazima n'kuyatsa tochi, aziwerenga maphunziro enawo. Pakhomo pakakhala phokoso la mashini ndi makasitomala, m'tauni muli laibulale ya National Library Service.

Bambo a ku Mchengautuwa

Ine nkhani ya pati taimuyi imandidandaulitsa. Tikupita kumene mwana wa munthu wopanda ndalama sangakhozenso masamu. Amayi, musanapite ku Luwinga, kodi munakumanapo ndi aphunzitsi ake a masamu kusukuluko? Pitani mukawapemphe mapepala amene analemba 34 ndi 27 aja, muwafunse kuti akulakwa pati. Makalasi ndi odzaza, mphunzitsi sangafikire aliyense, koma kholo likabwera mwaulemu ambiri amamuyang'anitsitsa mwanayo. Wanga sindinamulipirireko pati taimu. Ankakumana ndi anzake atatu Loweruka m'kalasi ya kutchalitchi, chowakanika n'kukafunsa aphunzitsi Lolemba, ndipo masamu anapeza 5.

Azakhali a ku Chiputula

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Aphunzitsi a ku Katoto, mafunso aja ndamupatsa. Wakhoza la (x + 3)² lokha. La mafulakishoni walembadi 2/5 monga munanenera, loyamba walemba −8, lomaliza wapeza 5 wopanda negative. Nditamuonetsa mayankho anakhala chete, kenako anati zimenezi anaphunzira teremu imene anadwala malungo ali Fomu 1, ndipo ankachita manyazi kufunsa za Fomu 1 ali Fomu 3. Ndamuuza kuti manyazi palibe.

Bambo a ku Mchengautuwa, kusukulu ndipita Lolemba kukapempha mapepalawo. Mnyamata uja ndalankhula naye, akuti gulu lake alipo 14, ndiye zimenezo ndazisiya. Wavomera kubwera kunyumba kamodzi pa sabata, Loweruka m'mawa ine ndilipo, pa K20,000, ndipo wati ayamba ndi kumuyesa. Pali mtsikana wina wa Fomu 3 wa aneba, mayi ake akufuna alowe nawo tigawane mtengo. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti akamabwerera ku Fomu 1, anzake m'kalasi akupita patsogolo. Kodi sasiyidwa kawiri?

Mphunzitsi wa masamu, Katoto

Ayi amayi, bola azichita zonse ziwiri. Homuweki ya kusukulu azilemba monga mwa masiku onse, za Fomu 1 ndi 2 zikhale za Loweruka ndi mphindi 30 tsiku lililonse. Kukhoza kwake la (x + 3)² kukusonyeza kuti algebra amaimva, ndiye ntchito yaikulu ndi zizindikiro ndi mafulakishoni. Muuzeni mnyamatayo ayambe ndi number line mpaka mwana azitha kunena chifukwa chake −3 − (−5) ndi 2, kenako LCM ndi mafulakishoni a manambala, ndipo akatero alowe mu algebraic fractions za Fomu 3, poti njira yake ndi imodzimodzi. Mabuku a Fomu 1 ndi 2 mukabwereke kusukulu Lolemba lomwelo. Mtsikana wa anebayo mumupatsenso mafunso anayi aja asanalowe, kuti wophunzitsa adziwe ngati mavuto awo ndi ofanana. Pakatha mwezi mundiuze, ndidzakulemberani mafunso ena anayi oti mumuyese nawo musanalipire mwezi wachiwiri.