Tithokoze ndani pa mwambo wa aphunzitsi aakazi kuno ku Joni? Ndithandizeni maganizo

Moni nonse pagulu pano. Aadimini pepani, nkhaniyi ndi yaitaliko, koma komiti yathu ikukumana Loweruka likubwerali ndipo ndikufuna ndikafike ndili ndi maganizo a anthu ena, osati anga okha.

Ndine mlembi wa kagulu ka amayi achimalawi omwe tinaphunzira uphunzitsi kumudzi koma pano tikukhala mu Johannesburg. Ena anadutsa ku St Joseph's ku Bembeke, ena ku Kasungu TTC, ku Blantyre, ku Machinga, angapo ali ndi dipuloma ya ku Domasi. Tilinso ndi amayi achikulire omwe analowa ntchito mu 1994, pomwe a Muluzi anachotsa fizi ku pulayimale ana n'kusefukira mpaka pansi pa mitengo, iwo satifiketi n'kudzaipeza pambuyo pake kudzera mu MIITEP, maphunziro aja a uphunzitsi ochita uli kale pantchito. Timakumana mu holo ya tchalitchi china ku Rosettenville ndipo aliyense amasonkha R100 pamwezi.

Loweruka m'mawa timathandiza ana a Amalawi homuweki, makamaka masamu ndi kuwerenga. Ola lomaliza ndi la Chichewa, poti ana ambiri obadwira kuno amathamanga ndi Chizulu ndi Chingerezi, agogo awo akaimba foni kuchokera ku Ntcheu nkhani imathera pa "ndili bwino kaya inu". Timathandizananso mafomu a SAQA (bungwe lounika masatifiketi akunja) ndi SACE (bungwe lolembetsa aphunzitsi kuno), ndipo pakagwa zovuta timasonkha. Mu Okutobala, chakufupi ndi pa 5 lomwe ndi tsiku la aphunzitsi padziko lonse, timachita kamwambo kothokoza omwe achita bwino chaka chimenecho.

Chaka chino zonyadira zilipodi. Mnzathu wina wamaliza digiri ya uphunzitsi ku UNISA, yowerenga usiku akaweruka. Wina walembetsedwa ku SACE ndipo wapeza malo pa pulayimale ina, aja a SGB olipidwa ndi komiti ya makolo. Wina sukulu yake ya mkaka ku Cosmo City boma laivomereza. Awapampando akufuna atatuwa alandire zikho ndi masatifiketi a m'fulemu, zithunzi ndi mayina tiponye pa Facebook kuti atsikana ena atengere chitsanzo.

Atatuwa sindikuwachitira nsanje ayi. Chomwe chikundisowetsa tulo n'choti ambiri mwa ife choko tinachisiya kalekale. Tikugwira m'nyumba za anthu, kulera ana, ena m'mashopu. Ndipo omwewa ndi omwe agwiriziza kalasi ya Loweruka, chifukwa anzathu a m'masukulu Loweruka amakhala akuchonga makope kapena ali ku masewero a ana, ndiye amabwera mwa apo ndi apo.

Pali amayi ena amagonera kuntchito ku Randburg. Loweruka akangowamasula amakwera takisi mpaka m'tauni, n'kusintha ina ya ku Rosettenville, atanyamula kachikwama ka makadi odula ku makatoni a tiyi ndi a sopo, olembedwa ndi maka: ba be bi bo bu, mba mbe mbi, nkha nkhe nkhi. M'jumbo ina muli zitsekerero za mabotolo zowerengera masamu. TALULAR yeniyeni ija tinkaphunzira kukoleji, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi. Pali kamnyamata ka Giredi 3 kankangoyang'ana buku ngati khoma, pano kakuwerenga ndime yonse osalozera chala. Amayiwa sanaitanidwepo kutsogolo. Chaka chatha mwambo wonse anathera kugawa mpunga, ndipo tikutsuka mbale anandiuza kuti chaka chino tisadzawawerengere chakudya, mwambowu ndi wa amapepala.

Ndiye ndithandizeni. Anthu ngati amenewa tiwathokoze bwanji popanda kupeputsa omwe avutikira madigiri? Nanga zithunzi ndi mayina, poti si tonse omwe mapemiti ali bwino? Komanso ndalama yomwe ili m'thumba ingakwane zikho, holo ndi chakudya, apo ayi kulipirira anthu angapo ku SAQA, zonse ziwiri sizingatheke. Inu munayendetsapo magulu, ndiuzeni.

Nachisale wa ku Turffontein: Amlembi, onjezerani mphoto ya kalasi ya Loweruka, koma osankha akhale makolo ndi ana. Ikasankha komiti padzamveka zoti akondera.

Bambo a Chisomo, Diepsloot: Chikho sichidyedwa amayi inu. Ndalama yonse ipite ku SAQA anthu akagwire ntchito yomwe anaphunzira. Mwambo mutha kuchita ndi tiyi ndi mandasi.

Madamu Nabanda: Achimwene, SAQA silemba anthu ntchito. Ine ndadutsamo ndipo ndikuphunzitsa kuno. Ntchito yawo ndi kuunika pepala lanu lakunja n'kunena kuti likugwera pa mulingo uti wa NQF, ndondomeko ya milingo ya maphunziro ya kuno, basi. Mukachoka apo ndiye SACE. Lamulo la mu 2000 limati aliyense wophunzitsa pasukulu alembetse kumeneko, ndipo kuyambira 2019 pamafunikanso chikalata cha kupolisi. Pasipoti ndi pemiti zikhalenso zolongosoka. Tsono vuto lili apa: kuno mphunzitsi watsopano amayembekezeka kukhala ndi BEd, digiri ya uphunzitsi ya zaka zinayi, kapena digiri ina kuphatikiza satifiketi ya uphunzitsi ya PGCE. Wa T2, ya zaka ziwiri kuchoka pa MSCE, amatsalira kutali. Mukhoza kulipirira anthu asanu, onse n'kubwerera kukitchini komweko atanyamula pepala lokongola. Yambani mwaona kuti ndani ali ndi dipuloma kapena digiri komanso pemiti, ameneyo ndiye ndalamayo ingamupindulire msanga.

Ndipo chonde, wa ku UNISA-yo mumupatse chikho chake mosachita manyazi. Kulemba asayimenti pakati pa usiku, magetsi atazima, deta ikutha, mbandakucha ukuyenera kukhala pa mzere wa takisi, si masewera. Tisamachite zoti wina akakwera tonse tiziyang'ana pansi kuopa kukhumudwitsa anzathu.

Mlembi (wofunsa): Madamu, zoti alandire chikho palibe akutsutsa. Za T2 mwandithandiza, chifukwa ambiri athu ndi omwewo. Nanga iwowo njira yawo ndi iti?

Madamu Nabanda: Ambiri omwe ndikuwadziwa alowera kwa ana aang'ono. Pali maphunziro a ECD, a uphunzitsi wa sukulu za mkaka, a mulingo 4 ndi 5 wa NQF. Kuyambira Epulo 2022 sukulu za mkaka zinachoka m'manja mwa a Social Development n'kupita ku unduna wa maphunziro, ndipo lamulo la BELA lomwe a Ramaphosa anasaina mu 2024 likuti mwana aliyense azidutsa Giredi R, kalasi ya ana asanalowe Giredi 1. Koma musanapereke khobidi fufuzani ngati kolejiyo ndi yolembetsedwa, m'tauni muno zikwangwani zachuluka. Mnzanu wa ku Cosmo City-yo ndiye akudziwa bwino zimenezi. Musangomupatsa chikho n'kumuombera m'manja, mumupatse nthawi afotokoze anayenda bwanji, anagogoda zitseko ziti.

Achemwali a ku Mayfair: Za zithunzi musayerekeze. Mukuona nokha magulu aja amaima pazipata za makiliniki ndi masukulu kumafunsa anthu ma ID. Chithunzi chimodzi chokhala ndi dzina ndi dera, mawa anthu ayamba kufufuza kuti akuphunzitsa sukulu iti. Ngakhale wa SACE-yo, mapepala ake ali bwinobwino, akhoza kuvutitsidwa pachabe. Aliyense mumufunse payekha, osati pamsonkhano pomwe munthu amachita manyazi kukana. Za ana ndiye nkhani ina. Lamulo la POPIA, loteteza zinsinsi za anthu, lomwe linayamba kugwira ntchito kwathunthu mu Julayi 2021, limafuna chilolezo cha kholo. Jambulani manja ndi makope, nkhope ayi.

Msungichuma wa gulu la maliro, Yeoville: Ine funso langa ndi lina. R100 imeneyi mukuisunga kuti?

Mlembi (wofunsa): Mu akaunti ya amsungichuma athu. Ndi amayi okhulupirika kwambiri.

Msungichuma wa gulu la maliro, Yeoville: Sindikuwakayikira. Koma akaunti ya munthu imatha kutsekedwa pemiti ikatha, kapena mwiniwake kudwala ali kumudzi, ndalama ya gulu n'kukodwa momwemo. Lembani malamulo a gulu lanu mukalembetse ngati NPO, bungwe losafuna phindu, ku Social Development, lamulo lake ndi la mu 1997. Kulembetsa n'kwaulere, chachikulu n'kumatumiza lipoti chaka ndi chaka. Mukatero tsegulani akaunti ya gulu ya osainira awiri kapena atatu, muwasankhe pakati pa omwe mapepala ali bwino. Nambala ya NPO imathandizanso mukamapempha mabuku ku makampani.

Mayi a mapasa: Pepani ndalowerera. Kalasi ya Loweruka imayamba nthawi yanji? Angawa Chichewa chathera pa "zikomo".

Mlembi (wofunsa): Mayi a mapasa ndipezeni ku inibokosi, malo ndi nthawi sindiika pano.

Agogo ahedi opuma, Zomba: Ana anga, ine ndili kumudzi kuno koma ndaphunzitsa mpaka kupuma. Ku TDC kwathu, malo okumanira aphunzitsi a m'zoni, a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale, akafuna kuonetsa kuti mphunzitsi uyu ndi katswiri sankamupatsa kanthu m'manja. Ankamuimika kutsogolo kuti aphunzitse phunziro lachitsanzo, ife tonse ndi ahedi omwe titakhala pansi tikulemba manotsi. Munthu ankatuluka mmenemo mapewa ali m'mwamba. Amayi a ku Randburg-wo muwapatse ana angapo ndi mphindi 20 pamwambopo, atulutse makadi awo. A madigiriwo akhale pansi aonerere. Mpunga agawe ena.

Membala wosatchula dzina: Ndalemba mobisa chifukwa ndili m'gulu lomweli ndipo ndine m'modzi mwa a m'makitchini. Si ine wa ku Randburg. Amlembi, ndikudziwa kuti mukutifunira zabwino, koma chonde musatipangire mphoto yotipepesa. Si ife ana, timaona. Mukaitana atatu kuwapatsa zikho, kenako n'kumati "tisaiwalenso anzathu awa" chitenje chili m'manja, ine zidzandipweteka kuposa kusaitanidwa.

Chomwe ndikufuna ndi kalata. Ya pa pepala la gulu, yosainidwa ndi awapampando ndi abusa a patchalitchipo, yonena kuti uje wakhala akuphunzitsa kuwerenga ndi masamu Loweruka kuyambira chaka chakuti, ana a misinkhu yakuti. Ndikapita kukafunsa ntchito pa sukulu ya mkaka amandifunsa kuti zaka zonsezi mumatani, ine chomwe ndili nacho ndi kalata ya abwana yonena kuti ndimasita bwino ndipo sindiba. Ngakhale tsiku lomwe ndidzabwerere kumudzi kukafunsa malo pa pulayiveti ku Lilongwe, adzandifunsa chimodzimodzi. Rejisitala ya Loweruka mumasunga ndinu, masiku onse omwe aliyense anabwera alimo.

China, anzathu a m'masukulu azitibweretsera mabuku a CAPS, silabasi ya kuno, ndi mapepala akale a mayeso, ationetse momwe masamu akuphunzitsidwira kuno. Ukamamuonetsa mwana kugawa monga tinkachitira mu Sitandade 5, amakuuza kuti "aticha athu sachita choncho", iwe n'kungoti kakasi. Zimenezo zingatikweze kuposa chitenje.

Madamu Nabanda: Achemwali mwayankhula zomveka. Mabuku a masamu a Giredi 4 ndi 5 ndili nawo apadera, ndipo aja ogwiritsa ntchito ana amapezeka mwaulere pa webusaiti ya unduna wa maphunziro, mungofunika posindikizira. Sindili m'gulu lanu koma Loweruka limodzi pamwezi ndikhoza kumabwera. Amlembi ndilembereni.

Bambo a Chisomo, Diepsloot: Ine ndikadali pomwepo, zikho n'kuwononga. Koma za makalatazo ndagwirizana nazo, sizidya ndalama.

Nachisale wa ku Turffontein: Maganizo a agogo ndi abwino koma mwiniwake mumufunse kaye. Ena kuima pamaso pa akuluakulu anzawo kumawavuta, angadzaone ngati mwawaitanira inisipekishoni.

Mlembi (wofunsa): Amayi a ku Randburg ndawaimbira madzulo ano. Poyamba amati ndikuwaseka, koma avomera, bola ana akhale omwe amawaphunzitsa kale ndipo pasakhale wojambula vidiyo. Awapampando za zikho sanasunthe, ati anaitanitsa kale kwa wozokota mayina, ndiye tikakangana Loweruka pa ndalama yotsalayo ndi pa zithunzi. Makalata ndiyamba kulemba ndekha kuchokera mu rejisitala, anzanga osatchula dzina musadandaule, ndilembera aliyense kuti pasaoneke wopempha. Funso lomaliza: kalata yotere ikufunika chidindo cha kupolisi, kapena cha tchalitchi chikwana?

Achemwali a ku Mayfair: Kupolisi amadinda makope otsimikizira kuti akufanana ndi chikalata chenicheni, ndi ma afidaviti. Kalatayo ingosainidwa ndi awapampando ndi abusa, chidindo cha tchalitchi chikwana. Muilembe m'Chingerezi, dzina likhale momwe lilili mu pasipoti, ndipo muikepo nambala ya munthu yemwe amayankha foni masana.