Amayi akufuna kukaona chithunzi cha Raphael ku Florence, koma bondo likuvuta

Abale pagulu pano, ndigawireni nzeru. Amayi akubwera ku Rome mwezi wamawa ndi gulu la kutchalitchi kuchokera ku Dedza, ine ndikawapeza komweko kuchokera kuno ku Leeds. Tsiku lopuma ndi limodzi lokha, ndiye iwo akakamira kuti tikafike ku Florence. Chimene akufunako ndi chithunzi chozungulira chija cha Amayi Maria atakhala pampando, atafungatira Mwana Yesu, Yohane wamng'ono ali pambali. Kwathu chakhala pakhoma la pabalaza kuyambira ndili mwana, chodula pakalendala, m'mbali mutada ndi utsi wa koloboyi. Nditawauza kuti chenichenicho, chojambula katswiri wakale wa ku Italy Raphael, chili ku Palazzo Pitti, nyumba yachifumu yakale ya ku Florence komweko, nkhani yakhala yomweyo pafoni.

Vuto ndi bondo, sayenda mtunda wautali. Anzanga kuno akuti kufika ku Florence osalowa mu Uffizi, nyumba ina yotchuka yoonetseramo zithunzi, ndi kungotaya ndalama ya sitima. Kodi zonse ziwiri zingatheke?

Yankho loyamba:
Achemwali, musawazunze amayi. Ine ndinalowa zonse ziwiri tsiku limodzi, pofika madzulo nkhope zonse pazithunzi zinkangooneka zofanana. Sitima yothamanga kuchokera ku Rome ndi ola limodzi ndi theka. Mukatsika tengani takisi, muwoloke mtsinje wa Arno, mulunjike ku Galleria Palatina, chigawo cha zithunzi mkati mwa Pitti. Chikepe chilipo, funsani pakhomo. Lolemba amatseka. Kumunda wa Boboli, kuseri kwa nyumbayo, musawatengereko, ndi chitunda chokhachokha.

Yankho lachiwiri:
Ndionjezepo. Chithunzi mukunenacho dzina lake ndi Madonna della Seggiola, cha m'ma 1513 kapena 1514, chili m'chipinda chotchedwa Sala di Saturno. Muwachenjezeretu amayi kuti n'chaching'ono, masentimita 71 basi. Komanso mmenemo zithunzi sanazitalikitse ngati mmene amachitira kwina. Zangothithikana khoma lonse m'mafelemu a golide, zina pamwamba pa zinzake, monga ankakondera eni nyumba, moti utha kuchidutsa osachiona.

Nyumbayo anayamba kuimanga mu 1458 ndi Luca Pitti, mkulu wa zamabanki amene ankalimbana ndi banja la Medici, lomwe linkalamulira Florence. Chosekesa n'chakuti mu 1549 anadzaigula ndi Eleonora di Toledo, mkazi wa Cosimo de' Medici, a Medici omwewo n'kuikuza kukhala nyumba yawo yachifumu. Mfumu Vittorio Emanuele III ndiyo inaipereka ku boma mu 1919. Za Uffizi musadandaule, poyamba anali maofesi chabe, ndiye tanthauzo la dzinalo.

Wofunsa:
Zikomo nonse, tingolowa Pitti yokha. Amayi ndawauza za kuchepa kwakeko, akuti ndiye bwino, chikufanana ndi chawo. Funso lina: kodi alonda amavuta munthu akatulutsa pepala m'chikwama? Akuti cha pakalendala chija achimatula pakhoma, akufuna akachiyerekeze ataima pomwepo.