"Dissent" m'maminitsi a kopaletivu, ndilembe chani?

Womasulira wa ku Zomba: Anzanga ndithandizeni, ndili ndi maminitsi a komiti ya kopaletivu ya alimi akufunika mawa m'mawa. Pali pena alemba "one member recorded his dissent" ine ndinaika kuti membala mmodzi anakangana ndi anzake, nde amene anandipatsa ntchitoyo andiimbira foni akuti bambo amenewo akawerenga zimenezi kuyaka moto, sanakangane ndi munthu anangokhala phee mpaka nthawi yovota. Ndatha nzeru.

Mayi omasulira kukhoti: Achimwene mkangano ndi "dispute" kapena "quarrel". Mu "dissent" mulibe phokoso. Ndi pamene anzako onse agwirizana chimodzi iwe nkuti ine ayi, ndipo zidziwike kuti ndakana. Kukhoti zimachitika majaji akakhala angapo pa mlandu umodzi, wina amalemba chigamulo chakechake chosiyana ndi cha anzake, koma chogwira ntchito ndi cha ambiri aja. Kumbukirani mlandu wa zisankho uja pa 3 February 2020, majaji asanu onse analankhula chimodzi, "dissent" panalibe.

Aphunzitsi opuma: Mawuwa anachokera ku Chilatini, dissentire. Dis ndi kupatukana, sentire ndi kumva. "Consent" ndi "assent", mawu otanthauza kuvomera, ndi abale ake a bere limodzi. Ndiye mukawaphwanya choncho mupeza kuti ndi kusamvana kwathu komwe, ndendende, koma apa mpamene pali msampha, kwathu kuno ukanena kuti anthu sakumvana aliyense akuganiza za banja lomwe lafika kwa ankhoswe kapena anthu olimbirana malire a munda. Ku Mangalande mawuwa anatchuka ndi za tchalitchi, mu 1662 atakhazikitsa lamulo loti abusa onse azitsata buku limodzi la mapemphero la Church of England, okana aja ndi amene ankatchedwa ma Dissenters.

Wa zamasewero pa wailesi: Kkkk aphunzitsi mwatitengera kutali. Ife ku mpira "dissent" ndi kulalatira woyimbira, lamulo nambala 12, yelo kadi pompo. Bambo a kopaletivuwo apatseni kadi basi.

Mayi omasulira kukhoti: Inu musamusokoneze mnzanuyo, ya mpira ndi ina. Achimwene lembani kuti membala mmodzi sanagwirizane ndi mfundoyi ndipo kukana kwake kunalembedwa.

Womasulira wa ku Zomba: Nanga "anatsutsa"? Ndi lalifupi bwino.

Aphunzitsi opuma: Likhoza, koma anthu akangomva kutsutsa amathamangira ku zipani za ku Nyumba ya Malamulo, komanso limamveka ngati munthuyo anaimirira nkuyankhula, pamene mwanena nokha kuti anali chete. Ine ndili ndi mayiwa.

Mayi omasulira kukhoti: Chimodzi chokha mufunse kaye musanatumize. Mwati anakhala phee mpaka nthawi yovota, nde povotapo anakweza mkono wokana kapena sanavote nkomwe? Ngati sanavote ndiye alembi a maminitsiwo ndi amene analakwitsa Chingerezi chawo, imeneyo ndi "abstain", ndipo inu mukalemba kuti anakana mumunamizira kachiwiri.

Womasulira wa ku Zomba: Ndawaimbira. Akuti anakweza mkono wokana yekhayekha, nkhani yake inali yogulitsa soya pangongole. Ndaika mmene mwanenera mayi, zikomo nonse. Kutsogoloku kulinso "quorum" koma imeneyo ndibwera nayo ndikadya nsima.