Kodi munthu akayambiranso mankhwala atatuluka ku rehab, ndiye kuti chithandizo chalephera?

Mlongo Wodandaula analemba kuti:

Ndikupempha maganizo anu, makamaka inu amene munathandizapo anthu ofuna kusiya mankhwala osokoneza bongo. Mlongo wanga wamng'ono anayamba kumwa mapilitsi a tramadol atavulala msana, ndipo patatha zaka ziwiri tinazindikira kuti wafika pa heroin. Tinasonkherana ndalama n'kumupititsa ku rehab, malo othandizira anthu kusiya mankhwalawa, kumene anakhalako masabata atatu. Anatuluka atanenepa, akudya bwino, ndipo tonse tinati basi wachira. Miyezi iwiri isanathe ndinapeza supuni yotenthetsera heroin, yakuda ndi mwaye, itabisidwa m'sokosi, moti sindinafunikirenso kumufunsa kanthu.

Panopa banja lagawikana. Bambo athu akuti ndalama zija tinangotaya, ndipo tingomusiya avutike mpaka adzatope yekha. Dokotala wina watiuza za methadone, mankhwala othandiza munthu kusiya heroin, koma bambo akuti kumeneko n'kungochotsa chizolowezi china n'kuikapo china. Amalume akuti timutsekere m'chipinda kwa mwezi wathunthu. Ndimvere ziti?

Namwino Wopuma anayankha kuti:

Pepani kwambiri, achemwali. Zimene mlongo wanu analandira kwa masabata atatu aja ndi chiyambi chabe cha chithandizo, chifukwa nthawi imeneyo imangokwanira kuti mankhwala atuluke m'thupi ndiponso kuti kusanza, kutsegula m'mimba, thukuta ndi kuphwanya m'mafupa zithe. Chibaba sichikhala m'magazi kuti chitsukidwe. Chimakhala mu ubongo umene unazolowera kuti mpumulo umachokera ku mankhwalawo, ndipo chimadzuka munthu akangoona mnzake wakale, akagwira ndalama kapena akakhumudwa. N'chifukwa chake bungwe la ku America lofufuza za mankhwalawa, la NIDA, limanena kuti kwa anthu ambiri chithandizo chosakwana miyezi itatu sichiphula kanthu kwenikweni.

Kuyambiranso si chizindikiro chakuti zonse zalephereka. Bungwe lomwelo limati anthu 40 mpaka 60 pa 100 alionse amene analandira chithandizo amayambiranso, ndipo chiwerengerochi sichisiyana kwambiri ndi cha odwala mphumu kapena matenda othamanga magazi amene matenda awo amawabwerera. Komatu BP ya munthu ikakwera sitinena kuti kuchipatala anangotayako nthawi, timabwerera naye kuti dokotala akaonenso mankhwala ake.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi. Munthu akakhala masabata angapo osagwiritsa ntchito heroin, thupi lake limasiya kupirira mlingo umene linazolowera, choncho akabwerera ku mlingo wakale uja mpweya ukhoza kubanika mpaka kumwalira. Ambiri amafa masabata oyambirira atangotuluka ku rehab kapena kundende, pa nthawi imene abale awo mtima uli m'malo. Funsani kuchipatala ngati mungapeze naloxone, mankhwala amene amatsitsimutsa munthu wopitirira muyezo pa heroin ndi mankhwala ena a gulu lomwelo. Mukamupeza akupuma pang'onopang'ono, milomo itasintha mtundu, akuliza mkonono wachilendo ndipo sakudzuka ngakhale mumugwedeze, musaganize kuti wagona, thamangirani naye kuchipatala.

Wochira Kale anayankha kuti:

Ine ndiyankhapo za methadone, popeza ndakhala ndikumwa kwa zaka zinayi. Maganizo a bambo anu ndikuwamvetsa, chifukwa nanenso ndinkaganiza chimodzimodzi, ndipo ndinakana kawiri konse. N'zoona kuti methadone ali m'gulu limodzi ndi heroin, koma amagwira ntchito mosiyana. Mphamvu ya heroin imakwera msanga n'kutha pakangopita maola ochepa, moti tsiku langa lonse linkathera pofunafuna ndalama ya mlingo wotsatira. Methadone ndimamwa kamodzi m'mawa, m'kakapu kakang'ono, namwino akuona, ndipo amakhala m'thupi mpaka tsiku lotsatira. Mlingo ukakhala woyenera sindiledzera ndipo sindidwala, ndimangopita kuntchito ngati wina aliyense.

Njirayi si yachilendo. Madokotala awiri, Vincent Dole ndi Marie Nyswander, anaiyambitsa ku New York m'zaka za m'ma 1960, ndipo mu 2005 bungwe la WHO linaika methadone ndi buprenorphine, mankhwala ena ogwira ntchito yofanana, pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri. Kafukufuku wambiri waonetsa kuti anthu amene akupitiriza kumwa mankhwalawa, chiopsezo chawo cha imfa chimatsika ndi theka kapena kuposa. Cholakwika chimene mabanja ambiri amachita n'kukakamiza munthu kuti asiye msanga akangoona kuti wayamba kuoneka bwino. Langa linachita zomwezo chaka choyamba, ndinasiya, ndipo sipanathe mwezi ndisanabwerere kumene ndinachoka.

Ndisaiwale kunena kuti mankhwalawa amathandiza okhawo amene anakodwa ndi heroin, tramadol, codeine ndi ena otere. Kwa amene vuto lawo ndi chamba kapena cocaine, chithandizo chake chachikulu ndi uphungu.

Bambo wa Atatu anayankha kuti:

Zonsezi ndamva, koma tisawaweruze bambo aja. Amene sanaberedwepo ndi mwana wake yemwe sangadziwe mmene mtima umaumira. Ine ndinafika pogona ndi makiyi a nyumba m'thumba. Kumuthandiza munthu sikutanthauza kumupatsa ndalama nthawi iliyonse akalira.

Namwino Wopuma anayankhanso kuti:

Mwanena zoona, bambo, ndipo palibe amene akuti banja lizingololera kuberedwa. Mukhoza kukana kumupatsa ndalama m'manja koma n'kumamupatsa chakudya ndi kumuperekeza kuchipatala. Chimene ndikutsutsa ndi ganizo lakuti munthu ayenera kuyamba wataya zonse kuti chithandizo chimugwire. Ambiri amene ndinawasamalira anabwera monyinyirika, atakokedwa ndi mkazi wawo kapena ataopsezedwa kuntchito, ndipo mtima wofuna kusintha unabwera ali kale pa chithandizo. Amene akudikiriridwa kuti atope yekha akhoza kutenga HIV kapena matenda a chiwindi pobwerekana majakisoni nthawi yotopayo isanafike.

Za kumutsekera m'chipinda, chonde musayerekeze. Mu 2012 mabungwe 12 a United Nations anapempha maiko kuti atseke malo osungirako anthu otere mokakamiza, chifukwa panalibe umboni wakuti amachiza. Akadzatuluka m'chipindamo chibaba chidzakhala chilipobe, pamene thupi lasiya kupirira monga ndafotokozera. Ndiponso ngati amamwa mowa kwambiri tsiku lililonse kapena mapilitsi ogonetsa monga diazepam, kusiya mwadzidzidzi popanda dokotala kungachititse kuti agwe ngati wakhunyu, azibwebweta, mwinanso kumwalira kumene.

Mlongo Wodandaula anayankha kuti:

Zikomo nonse. Mowa amamwadi, ndipo sindinaganizepo kuti ndiyenera kumuuza dokotala zimenezo. Ndawawerengera bambo zimene a Wochira Kale alemba. Sanayankhe chilichonse, koma afunsa kuti kuchipatala tipita tsiku liti.