Kalata ya banja pa nkhani yokuza msewu wa kwa agogo

Bambo a Mphatso: Abale anga nonse, ndikulemba kuti timange chimodzi pa nkhani ya msewu wodutsa kutsogolo kwa nyumba ya amayi, popeza akuluakulu oyang'anira misewu alengeza kuti akufuna kuukuza kuchoka pa mizere iwiri yodutsamo magalimoto kufika pa inayi, ndipo apereka nthawi yoti aliyense wokhudzidwa apereke maganizo ake molemba msonkhano wa anthu onse a m'deralo usanachitike. Nyumbayi ndi yathu tonse, choncho sindisaina chikalata chilichonse m'dzina la banja tisanamvane. Achemwali amene mukukhala ndi amayi, tatiuzani zimene mwaona ndi maso anu.

Mayi a Tadala: Zikomo achimwene. Anthu oyeza malo anafika n'kukhoma zikhomo m'mbali monse mwa msewu, ndiponso anapaka utoto wofiira pa mpanda wathu. Chikhomo chimodzi chili mkati mwa bwalo, moyang'anizana ndi zenera la chipinda chogona cha amayi, pafupi kwambiri moti munthu ataima pa chikhomocho angathe kulankhulana ndi amayi ali pabedi popanda kukweza mawu. Nyumba yeniyeniyo siigwetsedwa, koma mpanda, geti ndi mitengo yonse ya m'mphepete mwa msewu zidzapita. Amayi sakudandaula kwenikweni za mpanda. Chimene akhala akundifunsa n'chakuti adzawoloka bwanji popita kuchipatala, chifukwa panopa amaima ndi ndodo yawo kudikira kuti woyendetsa mmodzi awaone n'kuima, koma pa mizere inayi galimoto imodzi ikaima, ina ya mumzere wachiwiri imadutsa ndi liwiro osaona kuti kutsogolo kwa inzakeyo kuli munthu.

Mphatso: Bambo, azakhali ndi nonse, mundilole ndinene maganizo osiyana pang'ono. Ine ndimadutsa msewu umenewu popita ndi pochokera kuntchito, ndipo kuthithikana kwa magalimoto kwafika poti ngakhale ambulansi imaliza sairini yake ili chiimire chifukwa palibe koti ena apatukire. Mzinda ukukula, ndipo walira mvula walira matope. Ndikuopa kuti tikataya nthawi ndi kutsutsa ntchito imene akuluakulu anaitsimikiza kale, tidzapezeka kuti msewu wamangidwabe ndipo ife sitinakambirane bwino za chipukuta misozi. Maganizo anga ndi oti mphamvu zathu zonse zipite pa kuonetsetsa kuti mpanda ndi malo a agogo awerengedwa mtengo wake mwachilungamo.

Tadala: Asuweni, vuto limene mwatchulalo ndi lenileni ndipo palibe angalikane. Chimene ndikukayikira n'chakuti kukuza msewu kudzalithetsa. Msewu wa mumzinda ukakuzidwa, miyezi yoyamba magalimoto amayenda bwino, ndipo kuyenda bwinoko n'kumene kumaitana ena. Amene ankazembera njira zina amabwerera, amene ankanyamuka m'mamawa kwambiri pothawa mzere wa magalimoto amayamba kunyamuka nthawi imodzi ndi anzawo, amene ankakwera basi amatulutsa galimoto yawo, ndipo pakapita zaka anthu amakamanga nyumba kutali podalira msewu womwewo. Katswiri wina wa zachuma wa ku America, Anthony Downs, analemba za khalidwe limeneli kale mu 1962, ndipo mu 2011 akatswiri awiri, Gilles Duranton ndi Matthew Turner, atafufuza mizinda ya m'dzikolo anapeza kuti misewu ikuluikulu ikawonjezedwa, mtunda wonse umene magalimoto amayenda umawonjezekanso pafupifupi ndi mlingo womwewo.

Chitsanzo chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi msewu wa Katy Freeway mumzinda wa Houston ku America. Anamaliza kuukuza mu 2008 pa mtengo wa madola pafupifupi 2.8 biliyoni, mpaka malo ena unafika mizere 26 tikawerengera ndi tinjira ta m'mbali, koma pakati pa 2011 ndi 2014 nthawi yoyenda pa msewuwo inakwera ndi pafupifupi 30 peresenti m'mawa ndi 55 peresenti madzulo. Ngati mizere 26 inadzaza, sindikuona chifukwa chokhulupirira kuti mizere inayi idzakhala yopanda mzere wa magalimoto kwa nthawi yaitali, pamene mitengo ndi bwalo la agogo zikapita sizidzabwereranso.

Bambo a Chisomo: Ine monga mlamu ndilankhula mosamala, koma pali zinthu ziwiri zimene ndikufuna tiziganizire. Choyamba, tikapita kumsonkhano ndi nkhani ya Houston yokha, adzatiyankha kuti umenewo ndi mzinda wina wokhala ndi magalimoto ochuluka kwambiri, ndipo nkhani yathu idzathera pomwepo. Chachiwiri, chimene ndikuchiona kuti n'chofunika mwamsanga, tifufuze zikalata za malo kuti tidziwe pamene malire enieni a nyumbayi akudutsa. M'mizinda yambiri boma limasiya malo m'mbali mwa msewu kuti lidzagwiritse ntchito mtsogolo, ndipo mpanda ukapezeka kuti unamangidwa pa malo oterowo, nkhani ya chipukuta misozi imavuta. Tisalonjezane ndalama zimene sitikudziwa ngati zilipo. Ndikupemphanso kuti aliyense wa ife akapatsidwa pepala loti asaine, ngakhale atauzidwa kuti ndi longosonyeza kuti anafikiridwa, alijambule ndi foni n'kulitumiza pano asanalembepo dzina.

Tadala: Bambo aang'ono, mwanena zoona, ndipo n'chifukwa chake mutu wa kalata yathu uyenera kukhala moyo wa anthu oyenda pansi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa chaka chilichonse pa ngozi za pamsewu, kuti oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, okwera njinga zakapalasa ndi okwera njinga zamoto, komanso kuti ngozi zimenezi n'zimene zikupha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Bungwe lomwelo limati munthu wogundidwa ndi galimoto yoyenda makilomita 65 pa ola amakhala pa chiopsezo cha imfa choposa kanayi poyerekeza ndi wogundidwa ndi yoyenda makilomita 50 pa ola. Msewu wotakasuka ndi wowongoka umamuuza woyendetsa kuti aponde mafuta, kaya chikwangwani chalemba liwiro lotani, makamaka masana ndi usiku pamene magalimoto achepa. Pa msonkhano wa mayiko wokambirana za chitetezo cha pamsewu umene unachitikira ku Stockholm, ku Sweden, mu 2020 anagwirizana zolimbikitsa liwiro la makilomita 30 pa ola m'malo amene anthu ndi magalimoto amasakanikirana kawirikawiri, ndipo msewu wa kwa agogo, wokhala ndi sukulu mbali ina ndi chipatala mbali inayo, ndi malo oterowo.

Mayi a Tadala: Oyeza malo aja ananena kuti mwina padzamangidwa mlatho wa oyenda pansi. Ndinawafunsa kuti udzakhala pati, ndipo analoza kutali, kupitirira mphambano. Amayi sangakwere masitepe ataliatali ndi maondo awo aja, ndipo mayi wobereka mwana kumbuyo atanyamulanso katundu, kapena munthu wa pa njinga ya olumala, sangazungulire mtunda wonsewo. Anthu adzawolokabe pansi pomwe amawolokera lero, kusiyana kwake n'kwakuti adzakhala akuthamanga.

Mayi a Chisomo: Ine mtima wanga uli kumbali yotsutsa, koma funso la Mphatso likundivutitsabe. Kodi pali kumene anthu wamba anakanapo msewu wotere n'kumvedwa? Sindikufuna kuti tiwapatse amayi chiyembekezo chimene chidzawapweteke pambuyo pake.

Tadala: Kulipo, amayi aang'ono, ngakhale kuti si konse kumene anapambana. Ku New York, mkulu wina woyang'anira ntchito zomanga, Robert Moses, ankafuna kudutsitsa msewu waukulu kumunsi kwa dera la Manhattan, ntchito imene ikanasamutsa mabanja pafupifupi 2,000. Anthu a m'deralo, pamodzi ndi mayi wina wolemba nkhani, Jane Jacobs, anakana kwa zaka zambiri, mayiyo mpaka anamangidwa ndi apolisi pa msonkhano wa anthu onse mu 1968, ndipo msewuwo sunamangidwe. Ku Toronto, m'dziko la Canada, boma la chigawo cha Ontario linaimitsa msewu wa Spadina Expressway mu 1971 ntchito itayambika kale. Ku Seoul, m'dziko la South Korea, anachita zoposa pamenepo, chifukwa mu 2003 anayamba kugumula msewu wa m'mwamba umene unali pamwamba pa mtsinje wa Cheonggyecheon, anakonzanso kayendedwe ka mabasi mu 2004, ndipo mu 2005 mtsinjewo unatsegulidwa kuti anthu aziyenda m'mbali mwake. Koma ku New Orleans, ku America, mitengo ikuluikulu ya mumsewu wa Claiborne Avenue inadulidwa mu 1966 kuti padutse msewu wa m'mwamba, ndipo malonda ambiri a anthu akuda amene anali m'khwalala limenelo anafa. Kumene anthu anamvedwa, sanali banja limodzi lolirira mpanda wake. Anali anthu a dera lonse, ndipo anapirira nthawi yaitali.

Mayi a Chisomo: Ngati zili choncho, tisayambe ndi kalata ya banja lokha. Ndikuganiza za anthu ochita lendi m'nyumba zoyandikana nafe ndi aja ogulitsa tinthu tawo pansi pa mitengo, chifukwa chipukuta misozi kawirikawiri chimapita kwa mwini malo, pamene iwo amangouzidwa kuti achoke. Ambiri a iwo mwina sanamve n'komwe za tsiku la msonkhano. Ine ndidzipereka kuyenda khomo ndi khomo pamodzi ndi achemwali, ndiponso kukaonana ndi aphunzitsi aakulu a pasukulu paja ndi komiti ya makolo, popeza ana awo ndi amene amawoloka m'mawa uliwonse.

Mphatso: Sindinasinthe maganizo anga onse, chifukwa ndikuonabe kuti msewuwu sungakhale mmene ulili. Komabe zimene asuweni anena zandichititsa kuganizira kumene mzere wa magalimoto umayambira. Umayambira pa mphambano, pamene galimoto imodzi yofuna kukhota imaimitsa onse a kumbuyo kwake, komanso pa siteji pamene mabasi amaima mumsewu momwemo potsitsa ndi kukweza anthu chifukwa alibe popatukira. Ukangodutsa malo awiriwo, msewu umayenda. Ndisaina kalatayo ngati idzanena zimene tikufuna m'malo mwa mizere inayi, osati kungokana: mzere waufupi wapadera wodutsamo magalimoto okhota, maloboti okhala ndi nthawi ya oyenda pansi, malo oimapo mabasi kunja kwa msewu, ndi njira ya oyenda pansi mbali zonse ziwiri. Zinthu zimenezi zimafuna malo ochepa, ndipo mitengo yambiri ingatsale.

Bambo a Chisomo: Zimenezo n'zimene akatswiri a misewu angathe kuziyankha, ndipo kalata yotere savutika kuiwerenga mpaka kumapeto. Tiwonjezeremo mafunso olembedwa bwino. Tipemphe kuti ationetse kuwerengera kwa magalimoto kumene anachita, lipoti lounika mmene ntchitoyi idzakhudzire chilengedwe ndi anthu, njira zina zimene anaziganizira asanasankhe kukuza msewu, ndi mapu osonyeza malo owolokera, ngalande za madzi a mvula ndi liwiro limene msewuwo wakonzedwera. Za ngalandezo musazipeputse, chifukwa phula likachuluka madzi olowa pansi amachepa, ndipo nyumba ya amayi ili m'munsi mwa msewu.

Bambo a Mphatso: Ndamva nonse, ndipo ndikuona kuti tilembe makalata awiri osiyana kuti nkhani imodzi isafooketse inzake. Yoyamba ikhale ya anthu onse a m'deralo, yokana kukuza msewu m'njira imene yakonzedwayi ndi kupereka njira zimene Mphatso watchula. Tadala ndi Mphatso mulembe limodzi, ikhale yosapitirira masamba awiri, ndipo zitsanzo za kunja zisachuluke kuposa zimene anthu akuona pakhomo pawo. Yachiwiri ikhale ya banja lokha, yofotokoza malire a malo ndi katundu amene angawonongeke, ndipo inene momveka kuti kulemba kwathu sikukutanthauza kuti tavomereza ntchitoyo. Imeneyo ndilemba ine ndi alamu tikaona zikalata za malo, zimene ndikukhulupirira kuti zili m'sutikesi ya malemu bambo. Achemwali awirinu mutenge masiginecha a anthu oyandikana nawo, aliyense alembe dzina lake yekha atawerengeredwa kalatayo. Popereka makalata onse awiri tikatenge makope odindidwa chidindo ndi tsiku.

Mayi a Tadala: Sutikesiyo ndaiona, ndipo zikalata zilimo pamodzi ndi mapu akale a malowa. Ndizijambula madzulo ano, komanso ndijambula zikhomo zonse ndi mpanda zisanasunthidwe. Ndawafotokozera amayi zimene tagwirizana, ndipo akuti kumsonkhanoko apita nawo ndipo akufuna kukalankhula okha za kuwoloka, osati kuti wina akawalankhulire.

Bambo a Mphatso: Zikhale momwemo. Tadala, ukalembetse dzina la agogo ako pa mndandanda wa olankhula, ndipo ukapemphe kuti akakhale kutsogolo chifukwa samva bwino.

Mphatso: Agogo ndi azakhali ndidzawatenga ine pa galimoto. Asuweni, nditumizireni zimene mwalemba kale pofika Lachitatu madzulo, kuti ndiwonjezere gawo la mphambano ndi siteji ya mabasi tisanaitumize pano kuti onse aiwerenge.