Ndasankha Rescuezilla: zotsatira za funso langa lija

Ndabweranso pa funso ndinafunsa lija, la pulogalamu yaulere yokopera kompyuta yonse, Windows ndi mapulogalamu ake omwe, kuti hard disk ikafa tisayambirenso pachiyambi. Zikomo nonse amene munayankha.

Ambiri munatchula Macrium Reflect, koma yaulere ija eni ake anasiya kuitulutsa, ndiye ndinaidumpha. Clonezilla ndi yabwino ndithu, kungoti imafuna munthu wosaopa mawu okhaokha pa sikirini, ndipo mnyamata amene amatsala pashopu yathu pano pa Mangochi Boma sakanaikwanitsa.

Ndiye ndasankha Rescuezilla. Mumaiika pa flash pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Rufus kapena balenaEtcher, n'kuyatsa kompyuta kudzera pa flash yomweyo. Kenako mumangodina Backup, n'kusankha disk yoti ikopedwe ndi kokaisunga. Imatenga malo okhawo amene muli zinthu, choncho disk ya 500GB yosadzaza sidya malo ambiri pa external (hard disk yolumikiza kunja kwa kompyuta). Imatsegulanso zimene Clonezilla inasunga. Kuipa kwake, siyamba yokha: muyenera kukumbukira nokha, ndipo ikamakopera ntchito zina zonse zimaima.

Inu amene mukufuna kusamukira pa SSD (disk ya mtundu wothamanga) yaing'ono, chenjerani. Pobwezeretsa, disk yatsopano isachepe kuposa yakale, apo ayi yambani mwachepetsa partition (gawo la disk) musanakopere.

Ndinayesa kubwezeretsa pa disk ina imene inkangokhala m'kabati, Windows inayaka bwinobwino, printa n'kugwira ntchito osaiikanso. Poti magetsi kuno sachedwa kuzima, ndimakopera batire ya laputopu ili yodzaza, ndipo external sigona pashopu, ndimapita nayo kunyumba.